NKHAWA YA ANA ATHU A MASEWERA

Phunziro la makolo, aphunzitsi ndi akuru a m'midzi

Masiku ano nkobvuta kupeza mudzi wa ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi umene ulibe mwana wace ku Lusaka. Ena apitira sukulu, ena apitira nchito, koma alipo ambiri amene acoka kwao cifukwa ca mpira, liwiro kapena nkhonya. Mwana wotere akhala kwa amalume ace ku Kabwata kapena kwa azakhali ace ku Chelstone. M'mawa ali m'kalasi, madzulo ali pa bwalo. Akapita pafupi ndi bwalo la Woodlands, kwao kwa timu ya City of Lusaka, kapena la Nkoloma ku Chelstone, pamene asewera a Red Arrows, mtima wace umuuza kuti tsiku lina adzalowa momwemo anthu alikumuombera m'manja. Ena aphunzira masewera ku Olympic Youth Development Centre, imene inatsegulidwa m'caka ca 2010, ndipo ena asewerera sukulu zao, monga Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls.

Ciyembekezo ca anawa siciri copanda pace. Pa 12 March 2017 anyamata a Zambia osapitirira zaka 20 anagonjetsa Senegal ndi zigoli 2 kwa 0 pa bwalo la Heroes mu Lusaka momwemo, natenga cikho ca Afrika. Ndipo Patson Daka, amene anamwetsa cigoli coyamba, anali wa zaka 18 zokha. Barbra Banda, mwana wa m'Lusaka, anamwetsa zigoli zitatu posewera ndi Netherlands, ndi zitatu zina posewera ndi China, pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo mu 2021. Muzala Samukonga analandira mendulo ya golidi pa liwiro la mamita 400 ku Birmingham mu 2022 ali ndi zaka 19. Koma akuru anati, walira mvula walira matope. Pamodzi ndi ulemu wa masewera pabwera katundu wina wosaoneka ndi maso, amene ana ambiri amsenza okha osauza munthu, ndiye nkhawa. M'phunziro lino tifuna kuona kuti nkhawa nciani, tiizindikira bwanji, ndipo tingamthandize motani mwana amene yamgwira.

1. Kodi nkhawa icokera kuti?

Munthu akakumana ndi njoka m'njira ya kumunda, thupi lace lidzikonza lokha iye asanaganize kanthu. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri tating'ono timene tithira m'mwazi mankhwala ochedwa adrenaline. Pomwepo mtima ugunda msanga kuti utumize mwazi wambiri ku miyendo ndi ku mikono, mpweya ufulumira, m'kamwa muuma, thukuta lituruka, ndipo m'mimba mubwadamuka cifukwa nchito yogaya cakudya yayamba yaima. Zonsezi zicitika kuti munthuyo akhoze kuthawa kapena kumenyana.

Tsono thupi silidziwa kusiyanitsa njoka ndi khamu la anthu opfuula pa bwalo. Mnyamata amene aimirira kuti amenye penati, kapena mtsikana wagwada pa mzere kudikira kulira kwa mfuti ya liwiro, amva zomwezo. Ici si cilema ai, ndiponso si mantha a munthu wopepera. Nthumanzi yapang'ono ithandiza, pakuti ipatsa maso kupenya ndi miyendo kupepuka. M'caka ca 1908 anthu awiri ophunzira a ku America, Robert Yerkes ndi John Dodson, analemba zimene anaona poyesa mbewa, ndipo pa nchito yaoyo panamera ciphunzitso cakuti nchito yobvuta icitika bwino pamene mtima wautsidwa pang'ono, koma ionongeka pamene wautsidwa kopitirira muyeso. Alenje a kwathu acidziwa cimeneci pa uta: nsinga yolobodoka siponya mubvi, ndipo yokungika kopambana iduka.

2. Pamene nkhawa isanduka nthenda

Nthumanzi yabwino ibwera masewera ali pafupi, ndipo icoka mpira ukangoyamba kugubuduka. Koma iripo nkhawa yina imene sicoka. Igona ndi mwana, idzuka naye, imtsata ku sukulu, imlanda cakudya pakamwa, kufikira masewera amene anali kumkondweretsa asanduka cinthu coopsya. Yotereyi ndi nthenda, monga momwe malungo ali nthenda, ndipo iri ndi macizidwe ace.

A bungwe la World Health Organization anena kuti mwa ana a zaka 10 kufikira 19 pa dziko lonse lapansi, mmodzi mwa asanu ndi awiri ali ndi bvuto lina la maganizo, ndi kuti nkhawa iri pakati pa mabvuto ofala koposa pa msinkhu umenewu. Kuthamanga ndi kusewera kumathandiza maganizo a ana ambiri, koma mphamvu za thupi sizichinjiriza munthu kotheratu. Simone Biles wa ku America, katswiri wa masewera odumpha ndi kutembenuzika, analeka mipikisano ingapo ku Tokyo mu 2021, nanena poyera kuti maganizo ace sanali bwino. Anapumula, nalandira thandizo, ndipo ku Paris mu 2024 anatenga mendulo zitatu za golidi. M'caka comweco ca 2021 Naomi Osaka wa ku Japan anaturuka mu mpikisano wa tenisi wa French Open, naulula za nkhawa imene inali kumgwira poyankhula pamaso pa olemba nkhani. Ngati akatswiri otere abvutika, nanga mwana wa zaka 15 wokhala kutali ndi amace?

3. Zizindikiro zace

Ana sanena kawirikawiri kuti ali ndi nkhawa. Anyamata makamaka aopa kusekedwa. Cifukwa cace wamkuru ayenera kupenyetsetsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Zizindikiro tizigawe patatu.

Za m'thupi: mutu ndi m'mimba kuwawa kawirikawiri, makamaka tsiku la masewera likayandikira, koma ku cipatala osapeza malungo kapena nthenda yina, nseru ndi kusanza m'mawa mwa tsikulo, kutsegula m'mimba, kunjenjemera manja, kusowa tulo, kapena kudzidzimuka pakati pa usiku, kukana nsima kapena kudya mopyola muyeso, kutopa kosatha.

Za m'maganizo: kubwereza funso limodzimodzi, lakuti, nanga ndikalakwa? nanga akandicotsa m'timu? Kudzinyoza pa kacinthu kakang'ono, kukumbukira cigoli cimodzi cimene anaphonya naiwala zabwino zonse anazicita. Kuiwala zimene mphunzitsi wangonena kumene. Kulephera kusunga maganizo pa buku.

Za m'macitidwe: kupsya mtima msanga ndi kuyankha akuru mwamwano, kumene kale kunalibe, kudzipatula kwa anzace, kupeka zifukwa zosapitira ku bwalo, kapena kunena kuti mwendo upweteka pamene palibe bala, kusewera bwino pokonzekera koma kuuma thupi pa tsiku la mpikisano, ndi kuthawa mpira m'malo moufuna. Ena acita zosiyana ndi izi: sapumula konse, athamanga m'mawa ndi usiku ngakhale abvulala, cifukwa aopa kuti akaima tsiku limodzi wina adzawalanda malo.

Kulinso kugwidwa ndi mantha akuru mwadzidzidzi. Mtima ugunda ngati ng'oma, cifuwa cithina, mpweya ucepa, zala ndi milomo zicita dzanzi, mutu uzungulira, ndipo mwanayo akhulupirira kuti alikufa. Kawirikawiri zimenezi zifika pacimace m'mphindi ngati khumi, kenaka ziyamba kutsika zokha. Dzanzi ndi cizungulire zibwera cifukwa ca kupuma mofulumira kwambiri, kumene kucotsa m'mwazi mpweya wina umene thupi liufuna pa muyeso wace.

Cizindikiro cimodzi pa tsiku limodzi sicitanthauza nthenda. Koma zikacuruka, zikakhala masabata angapo, ndi kuyamba kuononga tulo, sukulu ndi ubale wa pa nyumba, pamenepo wamkuru asazengereze.

4. Cenjezo lalikuru: yambani mwapimitsa thupi

Pano tiyenera kusamala. Si kugunda kwa mtima kuli konse kumene kucokera ku nkhawa. Enock Mwepu, mmodzi wa anyamata a cikho ca 2017, anafika mpaka ku timu ya Brighton ku England, koma mu October 2022 analeka mpira ali ndi zaka 24 cifukwa madokotala anampeza ndi nthenda ya mtima ya cibadwa. Kupimako kunapulumutsa moyo wace. Cotero mwana akakomoka ali pakati pothamanga, akamva kupweteka m'cifuwa pamene alikusewera, kapena ngati pa mtundu panu wina anamwalira mwadzidzidzi akali wamng'ono, musanene kuti ndi mantha cabe. Aleke kusewera kufikira dokotala atampima. Mphumu, kucepa kwa mwazi, kumene kugwira atsikana ambiri akatha msinkhu, ndi kugunda mutu pa masewera, zonsezi zikhoza kufanana ndi nkhawa. Dokotala ndiye adzasiyanitsa.

5. Zimene zibala nkhawa mwa ana a masewera

Coyamba ndi katundu wa banja. Mwana akacoka ku mudzi, anthu amperekeza ndi mau akuti, ukatiombole ku umphawi, udzatimangire nyumba ya malata. Mau awa anenedwa mwa cikondi, koma pa mapewa a mwana wa zaka 16 alemera koposa thumba la cimanga. Coonadi ncakuti mwa anyamata zikwi zambiri osewera pa mabwalo a fumbi a m'Lusaka, owerengeka okha ndiwo adzadya za mpira, ndipo ofika ku Ulaya ngocepa koposa. Mwanayo adziwa ici, ndipo mpira uli wonse ausewera ngati mlandu wa moyo wace.

Caciwiri ndi ulendo. Kukhala pa nyumba ya eni, kugona pa balaza, kusowa ndalama ya basi yocokera ku Chelstone kupita ku bwalo la kutali, kufika pa masewera ndi njala, ndi kuona anzace a ku Kabulonga ndi ku Woodlands atsika m'galimoto atabvala nsapato zatsopano, zonsezi zidya mtima. Koma tisayese kuti ana a m'nyumba za mipanda alibe nkhawa. Kumeneko kholo limene lalipira ndalama zambiri lifuna kuona mendulo, ndipo mwana aopa kulikhumudwitsa.

Cacitatu ndi pakamwa pa akuru. Mphunzitsi wotukwana, wocititsa mwana manyazi pamaso pa anzace, ndi kholo lopfuula m'mbali mwa bwalo, aphunzitsa mwana kuopa kulakwa. Ndipo woopa kulakwa ndiye alakwa kawiri.

Cacinai ndi foni. Kale cigoli cophonya cinathera pa bwalo. Lero wina acijambula, naciika pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo mwana awerenga zonyoza za anthu osawadziwa kufikira pakati pa usiku. Onjezanipo anthu obecha ndalama pa mpira, amene akaluza atukwana osewera.

Cacisanu ndi kubvulala ndi mayeso a sukulu. Wobvulala aopa kuti sadzabwereranso, ndipo wolemba mayeso akokedwa uku ndi uku. A nkhonya ndi judo abvutikanso ndi sikelo, nadzimana cakudya ndi madzi kuti alowe m'gulu la opepuka.

Pali cinthu cina cimene tiyenera kucichula ngakhale ncowawa. Mwana, makamaka mtsikana, akayamba mwadzidzidzi kuopa munthu mmodzi wamkuru wa ku masewera, nakana kutsala naye yekha kapena kupita naye pa ulendo, mumfunse mofatsa pa mbali. Nthawi zina nkhawa iri utsi wa moto wa nkhanza.

6. Zimene mwana angacite yekha

Kupuma. Akoke mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono alikuwerenga kufikira 4, mimba itukuke, nauturutse ndi pakamwa alikuwerenga kufikira 6. Abwereze kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kuturutsa mpweya mocedwa kutsitsa kugunda kwa mtima. Aphunzire ici masiku onse pamene mtima uli pansi, pakuti munthu sasula khasu mvula itagwa kale.

Kuchula dzina lace. Mtima ukayamba kugunda adziuze kuti, thupi langa lirikudzikonzera nchito. Amene adziwa cimene cicitika m'thupi mwace saopa manthawo.

Kuyang'ana nchito ya patsogolo pace. Kupambana sikuli m'manja mwa munthu mmodzi, koma kuimitsa mpira bwino, kupatsira mnzace, ndi kunyamuka bwino pa mzere, kuli m'manja mwace. Asankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zotere, nasunge maganizo pa izo.

Kukhala ndi mwambo wace. Kukonza zobvala usiku, kudya pa nthawi yace, kutenthetsa thupi mwa njira imodzimodzi, ndi kuimba pamodzi ndi anzace, zikhazika mtima pansi. Pa 12 February 2012 ku Libreville, pamene Chipolopolo inatenga cikho ca Afrika pogonjetsa Ivory Coast ndi mapenati 8 kwa 7, osewera a Zambia anali kuimba podikira, kufikira Stoppila Sunzu anamwetsa yotsiriza. Usiku womwewo Didier Drogba, katswiri wodziwika pa dziko lonse, anaphonya penati masewera ali m'kati. Mwana akumbukire ziwiri zonsezi.

Tulo ndi cakudya. Wa msinkhu uwu afunika kugona maora 8 kufikira 10. Foni igone kutali ndi mphasa. Zakumwa za m'zitini zimene ati zipatsa mphamvu ziri ndi kafini wambiri, amene afulumizitsa mtima ndi kuthawitsa tulo. Mowa ndi camba zinyenga kuti zacotsa nkhawa madzulo, koma m'mawa ibwera yoposa. Ndipo camba nciletsedwa ndi malamulo a dziko ndi a mipikisano yomwe.

Kusathawa. Kuthawa bwalo kupatsa mpumulo wa tsiku limodzi, koma kukulitsa mantha. Njira yabwino ndiyo kubwerera pang'onopang'ono: lero kukonzekera ndi anzace, mawa kusewera mphindi khumi, mkuja theka la masewera.

7. Nchito ya makolo, aphunzitsi ndi akuru

Inu makolo, sinthani funso lanu. Mwana akabwera ku bwalo kapena akaimba foni ku mudzi, musayambe ndi kuti, mwawina? Yambani ndi kuti, wadya, mwana wanga? wasewera bwanji lero? Ndipo tsiku lina mumuuze momveka kuti, ngakhale mpira ukakanika, pakhomo pano mpako, ndipo munda ulipo. Mau amenewa atula katundu amene mankhwala sangathe kumtula.

Akayamba kuulula, cherani khutu osamdula pakamwa. Musati, mwamuna salira. Musatinso, ife pa msinkhu wako tinalibe zotere. Akati, Atate, ndikaganiza za Loweruka mtima wanga uthamanga, mumyankhe kuti, ndamva mwanawe, wacita bwino kundiuza, tiye tione pamodzi cocita. Mantha akuru aja akamgwira, mumkhazike pa mthunzi, mubalalitse anthu omuunjirira, mupume naye pamodzi pang'onopang'ono, ndi kumuuza kuti zidzapita.

Inu amalume ndi azakhali a ku Lusaka amene musunga ana a abale anu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinu amene muona mbale yobwerera ndi nsima, ndi nyali yoyaka pakati pa usiku. Dziwitsani makolo ace msanga, ndipo kaonaneni ndi mphunzitsi wa timu.

Inu aphunzitsi a masewera, dzudzulani colakwa, osati munthu. Dzudzulani pa mbali, yamikirani poyera. Mwana apumule tsiku limodzi kapena awiri pa sabata. Musamuumirize kusewera ali wobvulala, ndipo musamcotse sukulu cifukwa ca mpira, pakuti wokhala ndi njira ziwiri saopa kwambiri imodzi ikatsekeka.

Kwa ife a m'mipingo pali mau awiri. Mwana akauma miyendo pa bwalo, ena afulumira kunena kuti a timu yina amlodza, nathamangira zithumwa; koma cithumwa cionjeza mantha, pakuti tsiku limene aciiwala ku nyumba adzayesa kuti watha. Enanso amuuza kuti cikhulupiriro cace ncocepa, namsenzetsa mlandu pamwamba pa nthenda. Kupemphera naye ndi kumyendera nkwabwino ndithu, koma monga wodwala malungo timpempherera ndi kumtengeranso ku cipatala, momwemonso ticite ndi uyu.

8. Nthawi yopita ku cipatala

Pitani naye ngati nkhawa yakhala masabata ambiri osacepa, ngati waleka sukulu kapena kudya, ngati aonda, ngati mantha akuru amgwira kawirikawiri, kapena wayamba mowa ndi camba. Koma akanena mau onga akuti, kuli bwino ndingofa, kapena mukaona kuti adziceka, musadikire kuca, ndipo musamsiye yekha. Bisani mankhwala a mbeu ndi zingwe, mupite naye tsiku lomwelo. Kumfunsa mosabisa ngati aganiza zodzipha sikumpatsa maganizowo ai; kumtsegulira khomo lakuti alankhule.

Poyambira ndi pa kiliniki ya pafupi, monga ya ku Kabwata kapena ya ku Chelstone, ndipo a kumeneko akaona kufunika adzakutumizani ku University Teaching Hospital kapena ku Chainama Hills, cipatala ca matenda a maganizo ca pa mseu wa Great East. A kum'mawa ali ndi cipatala cacikuru ca Chipata ndi ca St Francis ku Katete. Palinso nambala ya 116, imene mwana kapena wamkuru angaimbe kwaulere kuti alankhule ndi aphungu a ana. Dzina la Chainama lisakuopseni. Nkhawa si misala. M'caka ca 2019 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, ndipo lamuloli liteteza ulemu ndi ufulu wa odwala otere.

Macizidwe oyamba a nkhawa mwa ana ndiwo kukambirana ndi phungu wophunzira nchitoyi, amene aphunzitsa mwana kuyesa maganizo ace ngati ali oona, ndi kuyandikira pang'onopang'ono cimene aciopa. Ambiri apeza bwino ndi njira imeneyi. Mankhwala akumwa apatsidwa ndi dokotala yekha pamene pafunika. Musagule mapiritsi a tulo pa msika, ndipo muuzeni dokotala kuti mwanayo ndi wa mipikisano, pakuti mankhwala ena saloledwa pa masewera.

Mutu umodzi susenza denga. Mwana amene tamtuma ku Lusaka ndi wamtengo wapatali koposa cikho ciri conse cimene angabwere naco, ndipo ayenera kumva zimenezi kucokera pakamwa pathu asanalowe m'bwalo.

Mafunso okambirana

1. Kodi nthumanzi yothandiza isiyana bwanji ndi nkhawa imene iri nthenda?
2. Chulani zizindikiro zitatu za m'thupi ndi zitatu za m'macitidwe.
3. Ndi zizindikiro ziti zimene zifuna kuti mwana aleke kusewera kufikira atapimidwa mtima?
4. Kodi ndi mau otani amene tinena poperekeza ana athu ku tauni, ndipo awalemetsa kapena awapeputsa?
5. M'mudzi mwanu, ndani amene mnyamata kapena mtsikana wobvutika mumtima angapiteko osaopa kusekedwa?